Jekete Yofiira ya Alamu

Ine ndine telala, ndipo ntchito yanga ndi yodziwa mimba za anthu. Munthu akhoza kunamiza mkazi wake, kunamiza abusa, ngakhale kudzinamiza yekha pagalasi, koma akaima pamaso pa tepi yanga chilungamo chimatuluka chokha. Ndinkatero ine, modzitama ndithu, mpaka tsiku limene alamu anga anandipusitsa masanasana anthu akuonerera.

Alamu amenewa ndi amuna awo a achemwali anga. Timakhala mpanda umodzi: iwo nyumba yaikulu, ine kachipinda ka kumbuyo, ndipo shopu yanga ili kutsogolo, khomo lake linayang'ana kumsewu. Pakati pa sabata alamu amayang'anira mosungira katundu ku fakitale ya sopo, koma mukawafunsa ntchito yawo sangatchule sopo ayi. Amangoti, "Ndine wa lipenga." Fakitaleyo ili ndi bandi ya malipenga imene imaitanidwa kukaimba pa zochitika, ndipo alamu akhala akuliza lipenga loyamba kuyambira kale tsitsi lisanayambe kuwathawa pamutu.

Vuto linali mimba. Abale inu, mimba ija! Sinabwere tsiku limodzi, inkabwera mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo woilandira ndinali ine. Chaka chilichonse jekete ya bandi inkafika ku shopu. "Alamu, nsalu za masiku ano zimachepa zikachapidwa. Taimasulaniko pang'ono." Ankatero mwini mimba, ine n'kumamasula. Ndinamasula mpaka msoko unatha, ndinayamba kuika zigamba m'mbali.

Mimba payokha si mlandu. Koma mpweya nawo unayamba kuwatsanzika. Akakwera masitepe a ku fakitale ankafika pamwamba ali wefuwefu, atagwira khoma. Akadya, mimba inkafufuma mpaka madzulo, ndipo kuchimbudzi ankalowa ndi nyuzipepala n'kutuluka atawerenga ndi zamasewera zomwe.

Tsono m'tauni mwathu muli koleji ya zaumisiri, ndipo chaka chilichonse ophunzira akamaliza amaitana bandi ya alamu. Ophunzirawo amalowa mu holo pamzere, patsogolo pali mmodzi amene wakhoza kuposa onse, atanyamula mbendera ya koleji. Wambenderayo akangoponda kapeti yofiira ya pakati, bandi yonse imakhala chete, n'kutsala lipenga limodzi. Lipengalo limakoka liwu limodzi lalitali, osapumira, mpaka mbendera itazikidwa pansanja. Anyamata a bandi liwu limeneli amalitcha chingwe.

Chaka chatha chingwe chinaduka. Wambendera ali pakatikati pa holo, lipenga la alamu linangoti pwee, kenako pfuu, ngati tayala la njinga labayidwa ndi msomali. Holo yonse zii. Kumbuyo kamwana kena kanaseka. Wambendera anamaliza ulendo wake nsapato zikumveka khwa, khwa, khwa.

Wotsogolera bandi, amene onse amangowatchula kuti Amasita, anawaitanira pambali. "Akulu, mwatumikira mokwanira. Chaka chamawa chingwe akoke wina wa mapapo atsopano. Inu mukakhale ku mbale." Mbale zake si zodyera ayi, ndi zitsulo ziwiri zija amamenyanitsa kumbuyo kwenikweni kwa bandi.

Alamu anavomera ndi pakamwa pokha. Mwina akanazolowera, pakanapanda nkhani imene mwana wawo anabwera nayo.

Mwanayu ndi mtsikana, mmodzi yekhayo. Timamutchula kuti Injiniya kuyambira ali wamng'ono, chifukwa anamasula wailesi yanga mpaka kasikuluwu komaliza, n'kuibwezera ikulira bwino kuposa kale. Tsiku limenelo analowa pageti akuthamanga, chikwama chili mmwamba. "Amayi! Amalume! Mbendera ndinyamula ndine!"

Achemwali anavina ndi chipande m'manja. Ine ndinasokera kolala kumbuyo chifukwa cha chimwemwe. Alamu anamukumbatira mwana wawo, anaseka, kenako anabwera kudzakhala pabenchi ya mu shopu n'kumangoyang'ana pansi.

"Alamu," anandiuza, "mwana uyu ali khanda sankagona popanda nyimbo imeneyi. Ndinkatseka lipenga ndi sokosi kuti lisasokose, n'kumamuimbira mpaka atagona. Ndiye lero adzayende pakapeti ija, ine ndili kumbuyo kumenyanitsa mbale ngati ndikuingitsa nkhuku?"

Ndinamva chisoni, sindinama. Munthu amene ndimamuseka tsiku lililonse, tsiku limenelo ndinasowa pomugwira.

Anapita kukachonderera Amasita, ndipo Amasita anati, "Chabwino. Mwambo ukayandikira ndidzakumverani. Chingwe chikafika, n'chanu. Chikaduka, mbale, ndipo tisadzakambiranenso."

Apa mpamene analowerera Anesi. Amenewa ndi mayi wachikulire wa kutsidya kwa msewu, anapuma ntchito ya unamwino. M'mawa uliwonse amayala kamkeka pakhonde n'kumadzipinda uku ndi uku, zimene amati yoga, ndipo ana a m'dera amati amacheza ndi nyerere. Tsiku limenelo anabwera kudzapinditsa siketi, n'kumva alamu akudandaula.

"Bambo a Injiniya, taimirirani," anatero. "Kokani mpweya."

Alamu anakoka. Mapewa anakwera mpaka m'makutu.

"Ndinadziwa. Mukupumira m'mapewa ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Chimimba chonsechi changokhala pa ulova!"

Ndinaseka mpaka kumeza ulusi umene unali pakamwa.

Koma Anesi si munthu wopupuluma. Anayamba wawafunsa ngati mtima umawavuta, ngati ali ndi zilonda za m'mimba, ngati anachitidwapo opaleshoni. Anawayeza kuthamanga kwa magazi ndi kachipangizo kawo kopopa, n'kuwatumabe kuchipatala kuti adokotala avomereze. "Masewera awa si a aliyense," anatero. "Wa vuto la magazi, wa mtima, mayi woyembekezera, sindimulola n'komwe. Akakulolani, mubwere mmamawa, m'mimba mulibe kanthu. Mwamva? Mulibe kanthu. Nanunso a telala mubwere, msana wanuwo wapindika ngati chogwirira cha ambulera."

Adokotala anawalola. Tsiku loyamba alamu anafika pakhonde la Anesi atamwa tiyi, atadya buledi, mazira, ndi nyemba zotsala dzulo. Akuti kuti akhale ndi mphamvu. Sanaulule. Anaulula ndi mimba yawo, masewera atangoyamba, ndipo anathamangira kuseri kwa maluwa atagwira pakamwa. Anesi anangopukusa mutu. "Ine ndalera odwala osamva ambiri, koma inu ndinu mfumu yawo."

Tsiku lotsatira zinayamba bwino. Choyamba anawagoneka chagada, n'kuwaika mpukutu wanga wa nsalu pamchombo. "Pokoka mpweya, nsaluyi ikwere. Potulutsa, itsike. Mapewa asagwire ntchito, ali pa tchuthi. Mimba samaibisa, bambo, amaipatsa malo." Poyamba mpukutu unkangogwedera pamodzimodzi. Patapita masiku unayamba kukwera ndi kutsika mwaulemu.

Kenako anatiphunzitsa chimene iwo amati kapalabati, ife tinangochitcha mvukuto. Umakhala pansi msana uli chilili, pakamwa potseka. Ndiye umakankha mpweya kudzera m'mphuno mwamphamvu, fu, pokokera mimba mkati mwadzidzidzi. Ukaimasula, mpweya umalowanso wokha osauitana. Fu, fu, fu, fu, kenako n'kupuma, n'kuyambanso. Mpango uzikhala pafupi, chifukwa zimene zimatuluka m'mphuno masiku oyamba si zoti ndifotokoze anthu akudya. Anesi ankati ndiko kusesa m'nyumba kumeneko. Mutu ukayamba kuzungulira, ankatiimitsa nthawi yomweyo.

Ine ndinalimbikira pang'ono, kenako ndinasiya. Osati chifukwa chovuta ayi, koma ine ndi tiyi wa mmamawa tinapangana kalekale, ndipo sindimafuna kuti azindidikira. Ndinkangomva ndili mu shopu, kutsidya kwa msewu kukumveka fu, fu, fu, ngati wina akupopa matayala a basi.

Alamu koma ndiye anagwa nazo m'chikondi. Ndipo zinayamba kuoneka. Masitepe a ku fakitale ankakwera akuimba mluzu. Kufufuma kuja kunachepa, nyuzipepala inayamba kuwerengedwa pampando monga mwa anthu. Achemwali anandinong'oneza kuti ngakhale mkonono watsika, sukugwedezanso mawindo. Mtima wawo wapachala nawo unazizira. Tsiku lina mbuzi ya eni ake inadya kabudula wawo pachingwe, iwo anangotseka maso, kukoka mpweya mpaka pamchombo, n'kunena kuti, "Inali ndi njala."

Anayamba kulalikira aliyense, mpaka wogulitsa makala. Anesi ankachita kuwabweza. "Musamanamize anthu, bambo. Awa si mankhwala a matenda onse. Wodwala apite kuchipatala, wa mapiritsi amwe mapiritsi ake. Ife tikungodzutsa minofu imene inagona."

Za kukula kwa mimba sindinkadziwa bwinobwino, chifukwa masiku amenewo alamu ankavala chimalaya chachikulu chamasewera chimene mukanalowa anthu awiri. Ndinkangoona kuti munthu akuyenda mopepuka.

Mwambo utayandikira, akuluakulu a fakitale anaganiza zosokera bandi majekete atsopano, ofiira, a mabatani agolide. Ntchito inagwera ine. Loweruka lina bandi yonse inadzaza mu shopu kudzayezetsa, ena ataima pakhomo, wa ng'oma atakhalira mulu wa zigamba. Itafika nthawi ya alamu, chipongwe chinayamba.

"A telala, tepi imodzi ikwana?"

"Bwerekani chingwe choyanikira zovala!"

"Muyambe lero kuzungulira, tikumana mawa kumsana!"

Alamu anaimirira. Anatembenukira kukhoma, anawerama pang'ono atagwira mawondo, ndinamva huuu, ine n'kumati munthu akuusa moyo chifukwa cha chipongwe. Kenako anavula chimalaya chija, n'kutembenuka, manja mmwamba.

Mayo ine! Mimba kunalibe. Pansi pa nthiti panali dzenje loti mphaka akanagonamo. Ndinazunguliza tepi, inakumana msangamsanga n'kutsala yambiri ikulendewera.

"Alamu, ndinu nomwe?"

Anagwedeza mutu.

"Mwamasuka bwinobwino? Ndilembe pamenepa?"

Anagwedezanso mutu, maso ali tong'o.

Ndinalemba ndi choko pansalu. Anyamata anaomba m'manja, wa ng'oma anaimba pa tebulo langa lodulira. Alamu anatola chimalaya chawo, analoza kuseri ngati afulumira kuchimbudzi, n'kutuluka mwaliwiro. Ine ndinanyadira ngati mimbayo ndachotsa ndine. Ndinadula nsalu motsata choko, ndinasoka ndi ulusi wolimba wowirikiza, mabatani ndinachita kuwakhomerera. Ndinati jekete ya mlamu wanga isadzanyozeke.

Tsiku lowamvera ndinatseka shopu n'kupita ku bwalo la fakitale. Alamu anaima atavala chimalaya chawo chija. Amasita anatuma munthu ayende ndi tsache mmwamba m'malo mwa mbendera, ndipo anamunong'oneza kuti ayende mozengereza. Lipenga linayamba. Linapita, linapita, wa tsache anafika, anazika tsache lake, anakanda m'mutu, lipenga likadalira. Amasita anavula chipewa. "Akulu, mwagula kuti mapapo amenewa? Chingwe n'chanu."

Jekete anadzaitenga dzulo lake la mwambo. Analowa kuseri kwa katani, ndinamvanso huuu, kenako anatuluka mabatani onse ali m'malo, ataongoka ngati msilikali. Achemwali anagwira pakamwa. "Abale, mwamuna amene ndinakwatiwa naye uja wabwerera!" Alamu anazungulira kamodzi, osanena kanthu, n'kubwereranso kuseri kwa katani. Atatuluka ndi jekete pamkono anati, "Ndinasowa chonena, alamu. Mwasoka." Ine mutu unakula.

Tsiku la mwambo holo inadzaza mpaka m'mawindo. Ife tinapeza malo kutsogolo, kufupi ndi bandi: achemwali, ine, ndi Anesi atavala siketi imene ndinapinda ija. Pansanja panakhala akuluakulu a koleji ndi mikanjo yawo, pamodzi ndi alendo, kuphatikizapo bwana wamkulu wa fakitale ya sopo. Bandi inkaimba nyimbo zodikirira. Alamu anakhala pampando wawo ali gwa, jekete ikuwala. Ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku kuti anthu adziwe wosoka.

Anesi ananditsina pantchafu.

"A telala, tayang'anani mapewa."

Ndinayang'ana. Mapewa a alamu ankakwera mpaka m'makutu, ngati tsiku loyamba lija. Thukuta linali kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatupa. Lipenga lawo linkalira modukizadukiza.

"Jekete ija yawamanga. Mpweya ulibe kolowera. Munawayeza bwanji munthu ameneyu?"

"Ndi tepi, mayi. Mimba inatha, ndinaona ndi maso angawa. Panali dzenje."

Anesi anatseka maso. "Dzenje. Pomuyeza anayankhula?"

Ndinaganiza. "Ayi. Ankangogwedeza mutu."

"Kalanga ine! Ndiye munayeza munthu wopanda mpweya!"

Anandifotokozera mwachangu, monong'ona. Ine nditathawira tiyi, iwo anawaphunzitsa alamu masewera achiwiri. Umatulutsa mpweya wonse mpaka kutheratu, n'kukokera mimba mkati ndi mmwamba, pansi pa nthiti, kwa kanthawi kochepa chabe, kenako n'kuimasula. Ndi zolimbitsa minofu ya mkati ndi kutakasa matumbo, mmamawa, pawekha. "Ndinawaphunzitsa kuti azitsuka m'mimba, osati azinamiza atelala! Mimba ija ilipo yonse, inangolimba. Ndipo popanda iyo chingwe sichifika ndi pakati pomwe."

Achemwali anamva. "Iwe," anandiuza, maso ali psuu, "chita kanthu."

"Angomasula mabatani," ndinatero.

"Sukuwadziwa Amasita? Batani lomasula, lipenga pansi. Ndi lamulo lawo."

Kukhomo kwa holo mzere wa ophunzira unali utayamba kuoneka. Patsogolo ndinaona mbendera, pansi pake Injiniya wathu ndi mkanjo wakuda, atavala nsapato zazitali zimene anagula dala chifukwa cha tsikuli.

Telala weniweni sayenda wopanda sizasi. Yanga yaing'ono imakhala m'thumba la malaya ngakhale popita ku maliro. Ndinatsika pampando, ndinakwawa ndi mawondo kuseri kwa mipando ya bandi, kudutsa miyendo ya wa ng'oma, mpaka kumbuyo kwa alamu.

"Alamu," ndinanong'ona, "wakuba inu. Munandibera muyezo."

Sanatembenuke. "Ankandiseka, alamu," anayankha ndi mawu opanikizika. "Zaka zonsezi akundiseka. Ndinafuna kamodzi kokha."

"Chabwino, mwaombedwa m'manja. Tsopano ndikufuna kung'amba msoko wa kumsana, kuyambira m'khosi mpaka pansi. Ndi lamba wa thalauza yemwe."

"Mwapenga? Pokoka chingwe ndimaima kutsogolo, nkhope kuyang'ana mbendera. Msana umayang'ana kunsanja. Abwana onse aja adzaona vesiti yanga!"

"Yobooka ija?"

"Yomweyo."

"Ndiye sankhani. Mukhale wowonda wa mbale, kapena wamimba wa lipenga. Mwana uja ali pakhomo."

Alamu anakweza maso. Injiniya anali ataima kumapeto kwa holo, atagwira mtengo wa mbendera ndi manja awiri, maso ake akusakasaka mu bandi. Atawaona bambo ake anamwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa tsiku limene anakonza wailesi yanga.

"Dulani," anatero alamu.

Ntchito imene ndinasoka ndi chikondi chonse ndinaiwononga pa kanthawi kosakwana kumeza malovu. Ulusi wowirikiza uja unandivuta, ndinadzitukwana chamumtima, koma msoko unagonja, thererere, mpaka pansi. Ndinadula ndi lamba wa thalauza kumbuyo. Mimba ija inatuluka m'ndende n'kukhala pamalo pake, ndipo alamu anakoka mpweya umene ndinaumva ndi m'makutu mwanga momwe. Wa ng'oma anaona vesiti, anaphonya kugunda kumodzi.

Ndinakwawanso kubwerera pampando wanga, Amasita anakweza ndodo. Alamu anaimirira, n'kupita kutsogolo, mabatani onse agolide ali otseka monga mwa lamulo. Kumsana jekete inali yasaa ngati makatani a zenera. Pansanja mayi wina wa mkanjo anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Bwana wa sopo analuma mlomo.

Injiniya anaponda kapeti. Bandi inakhala chete. Alamu anatsitsa mapewa, mimba inatuluka patsogolo mopanda manyazi, ndipo chingwe chinayamba.

Abale, ndamvapo malipenga, koma lija linali lina. Liwu loongoka, losanjenjemera, lodzaza holo mpaka kudenga. Injiniya ankabwera pang'onopang'ono chifukwa mbendera njolemera. Anadutsa mizere ya kumbuyo. Anafika pakati, pamene chingwe chinadukira chaka chatha. Achemwali anandifinya dzanja mpaka zala zinachita dzanzi. Lipenga linapitirira.

Ndiye mwadzidzidzi chidendene cha nsapato yatsopano chinakola pamene makapeti awiri analumikizana. Nsapato inatsala pambuyo. Mwana anadzandira, mbendera inapendama, holo yonse inati "Aaa!" Anaima, phazi limodzi mmwamba lina pansi, manja onse ali pa mbendera, osadziwa chochita.

Ndinayang'ana alamu. Sanaphethire n'komwe. Liwu lija linangokhala pomwepo, osakwera, osatsika. Mimba inkalowa pang'onopang'ono, ngati thumba la shuga lobooka pansi.

Injiniya anawayang'ana bambo ake. Kenako anagwedeza phazi linalo, nsapato yachiwiri inauluka n'kukagwera pamiyendo ya mphunzitsi wina, ndipo anayamba kuyenda ndi masokosi okha, mutu uli mmwamba.

Anafika pa masitepe a nsanja. Mimba ya alamu inali itaphwa, jekete ikulendewera kutsogolo. Ndinati basi, mpweya watha. Pambali panga Anesi ankayankhula okha, zibakera zili pachifuwa: "Tsopano, bambo. Dzenje lija. Tsopano ndiye nthawi yake." Ngati amva, alamu anakokera mimba pansi pa nthiti, dzenje lomwe lija anandipusitsa nalo, n'kufinya kampweya kotsiriza kamene kanabisala kumeneko. Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Mtengo wa mbendera unalowa m'malo mwake, khu! Ndipo lipenga linatseka bwinobwino, ngati munthu wotseka chitseko mwana ali mtulo.

Holo inaphulika. Anthu anaimirira, ena kuombera mwana wa masokosi, ena wa lipenga. Alamu, poiwala, anatembenuka kuti agwadire akuluakulu, ndiye msana unayang'ana holo yonse. Vesiti yobooka ija inaonedwa ndi tauni yathunthu. Kuseka kwake! Achemwali anabisa nkhope m'chikwama, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Alamu atazindikira anagwira kumsana, anayang'ana anthu, kenako anasisita mimba yawo n'kuigwaditsanso kachiwiri. Amasita anayesa kukwiya koma zinawakanika, anangoti, "Mabatani ngotseka. Ndilibe mlandu nawo."

Mwambo utatha tinakumana panja pa udzu, pojambulitsa. Injiniya anabwera akuthamanga, satifiketi m'dzanja lina, nsapato m'dzanja lina. Anazungulira bambo ake, anaona kumsana, n'kundiyang'ana ine.

"Amalume, ntchito yanu imeneyi?"

"Funsa bambo akowa. Ine ndinasokera munthu wina amene sanabwere lero."

Alamu anayamba kupepesa. "Mwanawe, ndakuchititsa manyazi pa tsiku lako. Ndimafuna pachithunzi uime ndi bambo ooneka bwino."

Injiniya anaponya nsapato pansi, anawakumbatira, manja ake osakumana kumsana, mutu atautsamiritsa pamimba pomwe paja.

"Ababa, nsapato itavuka ndinafuna kulira. Ndiye ndinamva lipenga silikugwedera, ndinati ababa akundidikira. Ndikanaima mpaka mawa, mukanandidikirabe."

Alamu anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, ndipo ulendo uno sikunali kubisa mimba. Misozi inatsikira pa mabatani anga agolide. Nanenso ndinayang'ana kumbali, ndinauza Anesi kuti m'maso mwandilowa kaulusi.

M'mawa mwake kutsidya kwa msewu kunamveka fu, fu, fu monga mwa masiku onse. Patapita kanthawi alamu analowa mu shopu, jekete ili pamkono. Anaiyala patebulo, anavula chimalaya, anaima pakati miyendo itatangadza, n'kukoka mpweya mpaka mimba inagunda makina anga osokera.

"Yezani apa, alamu," anatero. "Ndipo ndiziyankhula mpaka mumalize, kuti mudziwe kuti ndilimo."

Tepi inakwana, koma inatsala pang'ono. Ndinawonjezerapo zala zinayi za mpweya.